Wotchi ya Great Saiyaman: kachipangizo kosintha zovala zokha, osawonjezera mphamvu

Mphatso: Anzanga a pagulu lino, ndabwera ndi nkhani yoti titsutsane bwinobwino. Ndikubwereza katuni ya ku Japan (anime) ya Dragon Ball Z, ndipo ndafika pa magawo aja Gohan wayamba sukulu ku Orange Star High School, patatha zaka 7 mdani wamkulu Cell atafa. Ambiri magawo amenewa amawadumpha, amati n'zachibwana, amathamangira kwa mdani wotsatira, Majin Buu. Ine ndikuti wotchi yomwe Bulma, katswiri wopanga zipangizo, anamupangira Gohan ndiyo yabwino koposa tizipangizo tonse tosinthira zovala ta mu anime ndi m'magemu. Chifukwa changa n'chakuti siyimuwonjezera mphamvu ngakhale pang'ono. Akadina batani, zovala za kusukulu zimachoka, pamabwera chovala chobiriwira chija pamwamba pa chakuda chothina, chinsalu chofiira kumsana, magolovesi ndi majombo oyera, ndi chisoti cha tinyanga tiwiri, ndipo akavala choncho amadzitcha Great Saiyaman. Basi, zathera pomwepo. Mphamvu anali nazo kale. Chimene ankasowa mnyamata uja ndi pobisala.

Yamikani: Amwene mwayamba ndi mawu aakulu kwabasi. Koposa tonse? Nanga lamba wa Kamen Rider mwamusiya pati? Saiyaman yense uja, kuyambira chisoti mpaka kaimidwe kotambasula manja, anatengedwa kwa ngwazi za pa TV za ku Japan zomwe zinalipo kale Akira Toriyama, mwini nkhani ya Dragon Ball, asanajambule Gohan. Ngakhale zovala zotuluka pa kanthu ka pamkono si zake. A Gatchaman mu 1972 anali kale ndi zibangili zosinthira zovala zawo za masiku onse kukhala za mbalame zija.

Mphatso: Sindikukana kuti anatengera, achimwene. Koma taganizani mmene wotchiyo inabwerera. Tsiku loyamba la sukulu Gohan akupeza akuba aphwanya banki. Alibe chobisira nkhope, ndiye akusanduka Super Saiyan kuti tsitsi lisinthe mtundu, akuwathibula, n'kuthawa. Kufika m'kalasi akupeza nkhani yafala kale ya msilikali wa tsitsi lagolide, ndipo Videl, mtsikana wa m'kalasi mwake, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chifukwa mboni yati munthuyo anavala shati yoyera, kajekete kakuda kopanda manja ndi baji ya sukulu yawo. Ndendende zomwe Gohan wavala. Anamugwiritsa ndi zovala. Ndiye akupita kwa Bulma ku Capsule Corporation osati kukapempha chida, koma kukapempha njira yosinthira zovala mwachangu. Kachipangizo kena kalikonse kamayankha funso lakuti ndimugonjetsa bwanji mdani. Aka kakuyankha lakuti ndithandiza bwanji anthu koma mawa n'kukhalabe pa desiki yanga mwamtendere.

Yamikani: Chabwino, koma mverani mbiri ya lamba kaye. Kamen Rider inayamba mu 1971, yopangidwa ndi kampani ya Toei, mwini nkhani ndi Shotaro Ishinomori. Lamba woyamba uja, Typhoon, ali ndi kampukutu pakati kamene kamazungulira ndi mphepo. Poyamba Rider woyamba, Takeshi Hongo, ankasandulika akuthamanga pa njinga yamoto, mphepo ikamenya lambayo. Panalibe zotambasula manja, panalibe zofuula. Ndiye wosewera wake, Hiroshi Fujioka, anagwa ndi njinga akujambula magawo oyambirira n'kuthyoka mwendo. Analowetsa Rider wachiwiri, Hayato Ichimonji, koma wosewera watsopanoyo, Takeshi Sasaki, analibe laisensi ya njinga yamoto. Anapeza nzeru yoti azingoima, azungulize manja, afuule "Henshin!" (kutanthauza kusandulika), adumphe m'mwamba. Ana a ku Japan konse anayamba kutsanzira, ndipo lamba wa chidole yemwe kampani ya Popy inatulutsa anagulidwa mamiliyoni. Zonse zomwe tikukambirana panozi, mpaka za Power Rangers zomwe tinkaonera ku mavidiyo sho, mizu yake ili pa ngozi ya njinga imeneyo. Wotchi ya Gohan ndi ana angati anaitsanzira?

Tadala: Achimwene nonse awiri mukukamba ngati atsikana kunalibe. Ishinomori asanabwere ndi lamba, Fujio Akatsuka anali atajambula kale Himitsu no Akko-chan mu 1962, ndipo katuni yake inayamba mu 1969. Akko ali ndi kagalasi kotsekula kaja kokhala ngati kopakira paudala, amanena mawu ake n'kusanduka chilichonse chomwe wafuna. Mu 1973 kunabwera Cutie Honey ya Go Nagai, wa kamtima pakhosi, yemwe amasintha zovala kangapo asanafike pa chovala chake chankhondo. Ndiye nkhani yosintha zovala ndi kachipangizo siinayambire kwa anyamata.

Ndipo a Mphatso, mfundo yanu ija Sailor Moon inaipanga kale mu 1992. Usagi, mtsikana yemwe amasanduka Sailor Moon, ali ndi tizipangizo tiwiri tomwe mphaka Luna anamupatsa. Kabulochi ka pachifuwa ndiye kamphamvu. Koma alinso ndi cholembera chomwe ntchito yake n'kumusintha maonekedwe basi, lero wowerenga nkhani, mawa mkwatibwi, kuti alowe malo omwe mwana wa sukulu sangaloledwe. Mphamvu palibe, zovala zokha.

Mphatso: Achemwali, cholembera chija n'chachibale ndi wotchi, ndikuvomera. Kusiyana kwake n'kwakuti Usagi popanda kabulochi sangamenye nkhondo. Cholembera n'chongothandizira, n'chifukwa chake nkhani itapita patsogolo chinayamba kusowa. Kwa Gohan wotchi ndiyo zonse zomwe zimapanga Saiyaman. Mukaichotsa simunachotse mphamvu, mwachotsa moyo wake wachete.

Chisomo: Ine ndine watsopano pa zinthu izi, funso langa mwina n'lachibwana. N'chifukwa chiyani mdani amangoima kudikira munthu akuzungulira, maliboni akumukulunga, nyimbo ikulira? Bwanji osamumenya asanamalize kuvala?

Bambo a Wongani: Si lachibwana funso limenelo mwanangu, eni ake analiganizira kalekale. Mu 1982 Toei inatulutsa Space Sheriff Gavan. Chovala chake chachitsulo chimatumizidwa kuchokera m'chombo chake, Dolgiran, n'kumumata thupi lonse. Akamaliza, wofotokoza nkhani amanena kuti zonsezi zatenga masekondi 0.05 okha, kenako amati tiyeni tionenso pang'onopang'ono. Ndiye zomwe iwe ukuona zikutenga nthawi yaitali n'zobwereza, zoonetsa ife oonera. Mdani sanaone kalikonse, wangophethira munthu wavala kale.

Chifukwa china n'cha ndalama. Kujambula katuni ndi manja kumadya nthawi ndi anthu. Chigawo chosandulika amachijambula kamodzi, mwaluso lonse, n'kumachibwezera gawo lililonse. Ngati gawo lili ndi mphindi zoposa 20 pang'ono, ndipo mphindi imodzi kapena ziwiri n'zojambulidwa kale, ojambula apuma.

Tadala: Zoona bambo, ndipo n'chifukwa chake zigawo zimenezo zimakhala zokongola kuposa gawo lonse. Ku Pretty Cure, yomwe inayamba mu 2004, mungathe kuona gawo lojambulidwa mothamanga, nkhope zikukhota, koma ikafika nthawi yosandulika chilichonse chimawala. Apo sasewerapo.

Mphatso: Onani tsono, kwa Gohan kulibe zonsezo. Kudina, wavala. Nthawi yomwe ena amataya povala iye amaitaya pa kaimidwe kake kaja ndi kudzitchula dzina, ndipo zimenezo siimukakamiza wotchi, amazikonda yekha. Anthu ambiri m'nkhanimo amaona kuti chovalacho n'chochititsa manyazi, ngakhale Trunks wamng'ono, mwana wa Bulma, sanachifune, koma Gohan amachinyadira kuchokera pansi pa mtima. Ine ndimakhulupirira kuti kaimidwe kaja anakaonera kwa gulu la adani la Ginyu pa dziko la Namek ali kamwana. Mwana amene anatengedwa ndi Piccolo, mphunzitsi wake wa nkhondo, ali ndi zaka 4 n'kusiyidwa yekha m'thengo sanapeze mpata wosewera. Wotchi ija ndi pamene anasewerako.

Kondwani: Moni kuchokera ku Johannesburg kuno. Mutu wake wati magemu, koma palibe wawatchula, ndiye ndilowepo. Pa TV kachipangizo kakhoza kukhala kongokongoletsa, koma mu gemu kayenera kukhala ndi mtengo wake, apo ayi palibe choseweretsa. Chitsanzo chabwino ndi Viewtiful Joe ya Capcom, ya 2003, yotsogoleredwa ndi Hideki Kamiya. Joe ndi mnyamata wamba wokonda mafilimu, chibwenzi chake Silvia chabedwa n'kulowetsedwa mufilimu, ndipo Captain Blue akumupatsa V-Watch. Wotchi imeneyonso ili pamkono ngati ya Gohan, koma iyi ili ndi muyezo pamwamba pa sikirini. Ukachedwetsa nthawi kuti uzembe zipolopolo, muyezo ukutsika. Ukathamanga kwambiri, ukutsika. Ukatheratu, chovala chofiira chimachoka pompo, umabwerera kukhala Joe wa kabudula ndi kapusi pakati pa adani, ndipo akakumenya umavulala kwambiri mpaka muyezo udzadzenso. Chala chako chimaphunzira kusiya batani muyezo utatsala pang'onong'ono. Mantha aja otaya chovala umawamva m'manja mwako, osati kungowaona kwa munthu wina.

Ina ndi Final Fantasy X-2, ya 2003 yomweyo. Yuna, Rikku ndi Paine amasintha zovala nkhondo ili mkati, ndipo chovala chilichonse ndi ntchito yake: wa mfuti, wakuba, wa lupanga, wochiritsa, woimba. Zovalazo umaziika pa kabolodi kotchedwa Garment Grid, ndipo umangosamukira pa chovala cholumikizana ndi chomwe wavala. Kusintha kumakudyera mpata wako womenya, koma njira zina za pabolodipo zimakuwonjezera mphamvu ukadutsamo. Ndiye umakhala ukuwerengera: ndisinthe pano ndichiritse anzanga, kapena ndipirire ndimalize chilombochi? Ndipo a Chisomo, gemu imeneyi inakumverani, muli posankha kuti zithunzi zosinthira zovala zifupikitsidwe kapena zizimitsidwe.

Wotchi ya Saiyaman mu gemu ilibe chochita. Mumangosankha Gohan wovala zobiriwira m'malo mwa Gohan wina.

Mphatso: Pa magemu mwandiposa, achimwene, wotchi yopanda mtengo siyingasangalatse chala. Koma mtengo wake m'nkhani ulipo. Nthawi iliyonse Videl akaitanidwa ndi apolisi kuti akawathandize, iye amatuluka m'kalasi mwaulemu chifukwa aliyense akudziwa kuti ndi mwana wa Mr. Satan, katswiri wotchuka wa nkhonya. Gohan amayenera kupeka bodza, ndipo munthuyo kunama sakutha.

Mai a Thoko: Ine za magemu sindizidziwa, ndinalowa pagulu lino chifukwa cha ana anga, koma ndine telala ndiye za zovala ndilankhulepo. Mayi wina anandibweretsera chithunzi pa foni, akufuna chovala cha Power Ranger wofiira cha mwana wake wa zaka 6 pa tsiku lake lobadwa. Nsalu yotanuka ndinakaipeza pa kaunjika, ndinaphwasula madiresi awiri ofiira. Makina anga wamba amadumphitsa ulusi pa nsalu yotere, ndiye ndinasoka mwa zigizagi, pang'onopang'ono, osaikoka. Timadayamondi toyera ta pachifuwa ndinadula padera n'kumata ndi manja. Zipi ndinaika kumsana kuti kutsogolo kuoneke bwino. Tsiku loyesa mwana analowa mwendo umodzi, wina, tinamukokera m'chiuno, manja, ine n'kutseka zipi, mayi ake akumuveka magolovesi chala chimodzichimodzi. Atangoima pagalasi n'kukweza chibakera, anati akufuna kuchimbudzi. Tinayambanso kuvula zonse.

Ndiye mukamati wotchi imangosintha zovala basi, mawu oti basiwo achotseni. Kuvala chovala chothina thupi lonse, majombo, magolovesi, chinsalu chakumsana ndi chisoti wekha, kuseri kwa nyumba, akuba akuthawa, si ntchito yamasewera. Ndipo ndifunse, zovala zake za kusukulu zimapita kuti?

Kondwani: Mayi, m'dziko la Dragon Ball funso limenelo yankho lake lili pafupi. Kampani ya bambo ake a Bulma, Dr. Brief, inalemera chifukwa cha makapisozi omwe amasunga njinga yamoto, ndege, ngakhale nyumba yathunthu mu kanthu kokwana m'thumba. Woika nyumba mu kapisozi sangalephere shati ndi thalauzi. N'chifukwa chake wotchiyo siyidabwitsa munthu m'nkhanimo.

Limbani: Ine ndawerenga zonse, koma a Mphatso mukuiwala chinthu chimodzi chachikulu. Wotchiyo inalephera. Ntchito yake inali kubisa, ndipo Videl anamutulukira posachedwa. Kachipangizo kolephera ntchito yake yokhayo kangakhale bwanji kabwino koposa? Komanso Piccolo amatha kulenga zovala ndi dzanja lake, anamuveka Gohan kangapo. Panalibe chifukwa chovutikira ndi wotchi.

Mphatso: Piccolo sangamutsatire kusukulu tsiku lililonse n'kumadikira padenga. Gohan ankafuna chinthu choti azichigwiritsa yekha.

Za kulepherazo ndiye pali mtima wa nkhani yanga. Wotchi inagwira ntchito yake bwinobwino, nkhope sinaoneke. Analephera ndi wovala. Mu manga, buku la zithunzi lomwe katuniyi inachokera, Videl sanamuvule chisoti, anangomufunsa ngati akucheza kuti watuluka bwanji m'kalasi, Gohan n'kuyankha moona mtima asanaganize. Mu katuni anawonjezera nkhani ya kamwana ka dinosaur ndi bala la patsaya lomwe Videl analiona mawa lake kusukulu. Konseko mfundo ndi imodzi: chovala chinabisa nkhope koma mawu ake, ulemu wake ndi kusatha kunama kwake zinali poyera.

Ndipo kumbukirani yemwe akumubisalira. Mzinda umene akuphunziramo ukutchedwa Satan City chifukwa dziko lonse likukhulupirira kuti Mr. Satan ndi amene anapha Cell. Gohan akudziwa zoona zake, kuti anapha Cell ndi iyeyo, bambo ake anafera pa nkhondo imeneyo, koma tsiku lililonse amadutsa zikwangwani za munthu wotenga ulemu wake, n'kukakhala m'kalasi limodzi ndi mwana wa munthuyo, osadandaula. Safuna atolankhani akafike kumapiri komwe amakhala ndi mayi ake Chi-Chi ndi mng'ono wake Goten. Ngwazi zambiri zimavala kuti zioneke. Uyu anavala kuti aiwalidwe. Ndikamaona akudina wotchi ija, ndimaona mnyamata amene nkhondo yamukwana koma sangathe kudutsa munthu akuzunzidwa.

Bambo a Wongani: Mwalankhula bwino a Mphatso. Ine monga kholo chomwe ndingawonjezere n'chakuti tizipangizo tambiri timene mwatchulati tinapangidwa ndi diso la kusitolo. Kampani ya Bandai imakhala pomwepo pokonza mapulogalamu amenewa, ndipo chaka chilichonse kumabwera lamba watsopano. Masiku ano lamba yekha sakwanira, amafuna tinthu toikamo tomwe umagula padera. Kamen Rider W ya 2009 inali ndi tokhala ngati fulashi ya kompyuta, OOO ya 2010 inali ndi timamendulo tolowetsa titatutitatu. Pretty Cure yoyamba inali ndi kokhala ngati foni kodutsitsamo makhadi. Wongani wanga anatola chosandulikira cha Power Rangers pa kaunjika, chopanda ndalama yake yapakati ija, chivundikiro cha mabatire chitasowa. Tinamata ndi selotepu, chinayaka, ndipo anagona nacho. Ndiye sindikunyoza, chimwemwe chake n'chenicheni. Koma nkhani ya Gohan ikuoneka kuti inalembedwa chifukwa cha Gohan, osati chifukwa cha wotchi.

Yamikani: Bambo, zoti amagulitsa zidole n'zoona, koma lamba wopatsa mphamvu amabereka nkhani zomwe wotchi ya Gohan singabereke. Tengani Kamen Rider 555 ya 2003. Munthu amatsegula foni, amadina 555, amaiika pa lamba. Popeza mphamvu ili mu lambayo, lamba amabedwa, amalandidwa, amavalidwa ndi adani omwe. Gawo lina ukuona chovala cha ngwazi yako chikubwera, mtima ukukhala pansi, kenako ukuzindikira kuti mkatimo muli munthu wina. Funso limakhala lakuti woyenera kumuvala ndani. Wotchi ya Saiyaman wina ataiba apeza chiyani? Chisoti ndi chinsalu.

Komanso kudalira kachipangizo kumamupanga munthu kukhala ngati ife. Mu Ultraman ya 1966 Hayata amakweza Beta Capsule kuti asandulike, ndipo pali gawo lotchuka lomwe anathamanga kuchoka pa chakudya, n'kukweza supuni m'malo mwake. Gohan zotere sizingamuopse, angoyamba kumenya ndi zovala za kusukulu zomwezo.

Tadala: Apa ndili mbali ya a Yamikani pang'ono, koma ndili ndi dandaulo langa pa tizipangizo ta atsikana. Kuyambira pa Cutie Honey, kusandulika kwa mtsikana kumabwera ndi kuvulidwa kaye pamaso pa oonera. Kill la Kill ya 2013 inafika nazo patali. Ryuko amasolola kapini pa golovesi yake, chovala chake chamoyo Senketsu chimamwa magazi ake n'kusanduka tizingwe tosabisa kanthu. Ndikudziwa kuti nkhaniyo ikukamba dala za manyazi ndi ulamuliro wa zovala, ndinaionera yonse ndipo ili ndi nzeru zake, koma sindingaiyatse mng'ono wanga ali pompo. Anyamata akasandulika amawonjezeredwa zitsulo, atsikana amachotsedwa nsalu. Pamenepa ndiye ndimamuyamikira Toriyama ndi anzake a katuni: Videl atadzakhala Great Saiyaman 2 anavala chisoti, chinsalu ndi magolovesi ngati mnzakeyo.

Chisomo: Ndiye Saiyaman uja anathera pati? Ine ndinaona zithunzi ali ndi kansalu koyera kumutu ndi magalasi akuda, osati chisoti.

Mphatso: Zimenezo n'za ku mpikisano wa nkhonya wa dziko lonse, wachi 25. Videl atamutulukira anamuuza kuti asunga chinsinsi pokhapokha alowe nawo mpikisanowo komanso amuphunzitse kuuluka. Malamulo a kumeneko salola zodzitetezera ngati chisoti, ndiye anachisiya n'kumanga kansalu ndi kuvala magalasi. Koma Spopovich atayamba kumuzunza Videl m'bwalo, Gohan anapsa mtima, tsitsi linaimirira, kansalu kanachoka. Pofika nthawi yake yolimbana ndi Kibito anzake a m'kalasi, Erasa ndi Sharpner, anali atamuzindikira ali pa mipando ya oonera, kenako anasanduka wa tsitsi lagolide pamaso pa khamu lonse. Chinsinsi chomwe anachisunga movutikira anachitaya chifukwa cha munthu yemweyo amene ankamubisalira poyamba.

Limbani: Ndiye kuti mfundo yanga yakhala, chinsinsi sichinasungike.

Yamikani: Ine ndikhalabe ndi lamba wanga. A Chisomo, mukafuna kumvetsa mbali zonse ziwiri onerani magawo a Saiyaman kenako mufufuze 555. Magawo ake ndi 50, ndiye konzekerani bandulo yokwanira.

Mai a Thoko: Wina anditumizire chithunzi cha Saiyaman chooneka bwino kutsogolo ndi kumbuyo. Chobiriwira chija n'chosavuta, n'chomasuka, chimangofuna lamba m'chiuno, ndipo chamkati chakuda ndikhoza kupanga ziwiri, malaya ndi thalauzi, mwana azitha kuvula yekha. Chisoti ndisiya, ndipanga cha kansalu ndi magalasi.